Okalamba athu asamafe miyendo tikungoti ndi ukalamba

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule za kufooka kwa mafupa kumene kumaphwanya msana ndi kupha miyendo ya okalamba, matenda amene ife a kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga timawaona kawirikawiri koma sitiwawerengera m'gulu la matenda, chifukwa tinawapatsa kale dzina lakuti ukalamba. Ndine namwino wopuma pa ntchito, ndinakhala zaka zambiri ndikusamalira odwala ochitidwa opaleshoni, ndipo ndikuvomera poyamba pomwe kuti vutoli litagwera akulu anga enieni a bere limodzi, inenso ndinachedwa kulizindikira. N'chifukwa chake sindikulemba ngati munthu woloza anzake chala.

Mu Juni chaka chatha, nyengo imene kuno kumtunda kumazizira mpaka zala kuuma, akulu angawo, amene ali ndi zaka 71, anaterereka pakati pa mizere ya mbatata ya kachewere ku dimba atanyamula ndowa ya madzi. Sanagwe chagada ayi, anangokhala pansi mwamphamvu, kenako anadzuka okha, natola ndowa yawo n'kubwerera kunyumba wapansi. Msana unawapweteka kwa masabata awiri kapena atatu, makamaka podzuka pa mphasa ndi potembenuka usiku, adzukulu anawathowa ndi madzi otentha, ululu unatsika, ndipo tonse tinati zapita. Patatha pafupifupi miyezi iwiri ndinakacheza kumudziko, ndipo Lamulungu m'mawa tikupita ku tchalitchi nsapato ya patapata ya ku phazi lamanzere inawavuka, iwo n'kupitiriza ulendo osamva kuti akuponda fumbi ndi phazi lopanda kanthu. Nditawaitana anaseka, nati miyendo yangochita dzanzi ndi chisanu. Chimene chinanditsegula maso ndi zitenje zitatu zimene ndinkazipeza zitayanikidwa kuseri kwa nkhokwe m'mawa uliwonse, zochapidwa kusanache ana ali mtulo. Mkodzo unali utayamba kuwapulumuka, ndipo mayi wamkulu wolera adzukulu sakanatha kuuza munthu nkhani yotere. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pa matenda awa manyaziwo amadyadi masiku amene dokotala akanagwiritsa ntchito.

Kuti owerenga amvetse chimene chinachitika m'thupi mwawo, ndiyenera kufotokoza mmene msana unapangidwira. Msana si fupa limodzi, koma mafupa ang'onoang'ono osanjikizana: 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa amene nthiti zimagwirako, 5 a m'chiuno, ndi ena a pansi amene anagwirana kukhala amodzi. Fupa lililonse lili ndi mbali ya kutsogolo yonga kachitsa, imene imasenza kulemera kwa thupi, ndipo kumbuyo kwake kuli bowo. Mabowowa akalumikizana amapanga ngalande imene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umanyamula mauthenga opita ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi ku matumbo. Mtsemphawu umathera cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ndipo kuchokera pamenepo umagawika timitsempha tambiri tolendewera ngati mchira wa kavalo, mpaka madokotala anapatsa malowo dzina lachilatini lotanthauza zomwezo. Tsoka lake n'lakuti pamene msana wa chifuwa, umene ndi wouma chifukwa cha nthiti, umakumana ndi msana wa m'chiuno umene umapindika momasuka, ndi pamene mafupa amakonda kuphwanyika, ndipo ndi pomweponso pali mitsempha yolamula mkodzo. Mwa akulu anga linaphwanyika fupa loyamba la m'chiuno, limene pa pepala la chipatala amalemba kuti L1.

Fupa la munthu wathanzi silingaphwanyike chifukwa chongokhala pansi mwamphamvu. Limaphwanyika ngati linafumbwa kale m'kati, monga nsichi ya nyumba imene chiswe chadya n'kusiya khungwa lokha looneka bwino kunja. Awa ndi matenda a kufooka kwa mafupa amene a chipatala kuno amawatchula m'Chipwitikizi kuti osteoporose. Mafupa a munthu amafika pachimake pa kulimba akamayandikira zaka 30, kenako amayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo mwa amayi amachepa mofulumira akasiya kusamba, chifukwa mahomoni amene ankateteza mafupa amakhala atatsika. Kusuta fodya, kumwa kachasu mopitiriza, kuonda kwambiri ndi kumwa mankhwala a prednisolone kwa miyezi yambiri kumawonjezera vutoli. Mu 1994 bungwe la WHO linakhazikitsa muyeso wozindikirira matendawa pogwiritsa ntchito makina oyeza kulimba kwa mafupa, koma makina amenewo sitiwaona m'zipatala za kumudzi, motero kwa ife umboni woyamba umakhala fupa lophwanyikalo. Ndipo ngakhale m'maiko olemera, mwa mafupa a msana atatu ophwanyika motere, ndi limodzi lokha limene limadziwika kuchipatala. Enawo amangoonekera pa kufupika kwa msinkhu ndi linunda limene timati ndi la agogo.

Chimene chinandisokoneza ine, ndipo chimasokoneza ambiri, ndi mpata wa masabata umene umakhala pakati pa kugwa ndi kufooka kwa miyendo. Munthu akagundidwa ndi galimoto n'kufa miyendo pomwepo, aliyense amadziwa chimene chachitika. Koma fupa lofumbwa limayamba ndi mng'alu chabe, munthu n'kumayendabe, kusinja ndi kutunga madzi, pamene m'kati mwa fupalo magazi asiya kufika bwino ndipo mng'aluwo ukukana kupola. Tsiku ndi tsiku fupalo limafwamphuka n'kutitimira, msana umapindikira kutsogolo, ndipo khoma la kumbuyo la fupalo limakankhidwira m'ngalande muja mmene muli mitsempha. Dokotala wa ku Germany, Hermann Kümmell, anafotokoza za kuphwanyika kochedwa kotereku m'zaka za m'ma 1890, makina ojambula mafupa asanafale n'komwe, ndipo mpaka lero matendawa amatchedwa ndi dzina lake. Kumudzi kwathu mpata umenewu ndi umene umabala mphekesera, chifukwa pofika nthawi imene miyendo ikufooka, za kugwa ku dimba zimakhala zitaiwalika, ndipo anthu amayamba kufunsana kuti mayiyu anaponda chiyani panjira, nanga anakangana ndi yani pa nkhani ya malire a munda.

Akulu anga anadutsa njira zonse ziwiri. Ku posto ina ya zaumoyo, imene sindiitchula, anapatsidwa mapiritsi opha ululu n'kuuzidwa kuti ndi zaka, popanda wowavula nsapato kuti aone ngati angathe kukweza chala chachikulu cha kuphazi, ngakhale kuyeza kumeneku sikufuna makina kapena ndalama. Achibale ena anawatengera kwa sing'anga, ndipo nditawasambitsa ndinapeza mizere ya mphini m'chiuno monse. Sindinyoza asing'anga, pakuti ndi iwo amene ali pafupi ndi anthu usiku ndi usana, koma mphini zimathera pa khungu, pamene chopanikiza mtsempha chili kuseri kwa fupa.

Titafika ku chipatala chokulirapo n'kujambulidwa, dokotala anayamba waganizira chifuwa chachikulu cha m'mafupa, ndipo m'dziko ngati lathu, mmene TB ndi yofala chotere, iye sanalakwe kuyamba ndi ganizo limeneli. TB ya msana, imene dokotala Percivall Pott wa ku London anaifotokoza mu 1779, nayonso imadya fupa, kupinda msana ndi kupha miyendo, ndipo khansa ya m'mawere kapena ya prostate ikafalikira ku msana imachita chimodzimodzi. Kusiyanitsa zitatuzi n'kofunika kwambiri chifukwa mankhwala ake ndi osiyana kotheratu, ndipo chithunzi wamba cha mafupa sichikwanira; pamafunika kuyeza magazi ndi makhololo, kujambula ndi makina a MRI amene amaonetsa mitsempha yeniyeniyo, ndipo nthawi zina kutapa kachidutswa ka fupa kuti kakapimidwe. Dandaulo langa ndi lakuti kufufuza kumeneku kunatitengera masabata, pamene munthu wofooka miyendo ndi wolephera kusunga mkodzo amayenera kuonedwa ngati wa ngozi, wofunika thandizo la tsiku lomwelo.

Ndinene mosabisa kuti mafupa ambiri a msana ophwanyika chifukwa cha kufooka safuna mpeni. Amapola okha m'miyezi iwiri kapena itatu ndi mankhwala opha ululu, lamba wolimbitsa msana ndi kuyenda pang'onopang'ono, ndipo kugoneka wokalamba pa mphasa kwa miyezi kumamuwononga koposa, chifukwa mafupa ndi minofu zimapitiriza kusungunuka. Opaleshoni imabwera pamene mitsempha yakhudzidwa, kapena pamene fupa lakana kupola ndipo msana ukugwedera. Ndinamva dokotala amene anathandiza akulu anga akufotokoza kuti ntchito yake ili pawiri: kumasula mtsempha umene wapanikizika, ndi kumanga msana kuti usagwederenso. Pomasula amachotsa kachigawo ka fupa ka kumbuyo kwa ngalande kuti mitsempha ipeze malo, ndipo pomanga amalowetsa misomali yopota ya chitsulo cha titaniyamu m'mafupa a pamwamba ndi a pansi pa lophwanyikalo, n'kuilumikiza ndi ndodo ziwiri zachitsulo, ngati mmene mlimi amamangira nthambi yothyoka pakati pa mitengo iwiri. Njira yolowetsa misomali kudzera m'timiyendo ta fupa la msana inatchuka ndi dokotala wa ku France, Raymond Roy-Camille, ndipo lero ndi imene imagwiritsidwa ntchito pafupifupi kulikonse.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni la opaleshoniyi, limene munthu aliyense wodziwa ukalipentala angalimvetse msanga. Msomali umagwira pa thabwa lolimba, koma pa thabwa lofumbwa umangolowa mosavuta n'kudzazuka tsiku limene wasenza katundu. Fupa la wodwala osteoporose ndi thabwa lofumbwalo. N'chifukwa chake madokotala amawonjezera chiwerengero cha misomali, kumanga mafupa awiri kapena atatu pamwamba ndi pansi pomwe kuti katundu agawanike, ndiponso amathira simenti ya mafupa mozungulira misomaliyo kuti igwire. Ena amalowera cha m'nthiti kapena cham'mbali mwa mimba, kuchotseratu fupa lophwanyikalo n'kuikapo kachitsulo kabowo kodzaza ndi tizidutswa ta fupa kuti kakhale mzati watsopano. Njira ya kutsogoloyi inakonzedwa kwambiri ndi Kiyoshi Kaneda wa ku Sapporo, m'dziko la Japan, kumene okalamba ndi ochuluka ndipo madokotala aphunzira zambiri za matendawa. Njirayi imachotsa chopanikizacho mwachindunji, koma ndi yolemera kwa munthu wa mtima ndi mapapo otopa. Palinso madokotala amene aona kuti mwa odwala ambiri chimene chimapweteka mtsempha ndi kugwedera kwa fupa kuposa kupanikiza kwenikweniko, motero amangomanga msana mwamphamvu osatsegula ngalande, ndipo miyendo imabwerera. Ine si dokotala wa opaleshoni kuti ndigamule mkangano umenewu, koma ukusonyeza kuti palibe njira imodzi yokwanira aliyense, ndipo wachibale ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene njira inayake yasankhidwira.

Ndichenjezeko pa nkhani ya simenti, popeza mwana wa mlongo wathu amene amagwira ntchito ku Moatize anaiwerenga pa foni n'kubwera nayo ngati yankho la zonse. Ilipodi njira yobaya simenti m'fupa lophwanyika kudzera pa singano yaikulu popanda kung'amba msana, imene madokotala Galibert ndi Deramond anayamba ku Amiens m'dziko la France mu 1984, ndipo pambuyo pake inabwera ina yoyamba ndi kufufumitsa kabaluni m'fupamo kuti lidzuke asanathire simentiyo. Njirazi cholinga chake ndi kuchepetsa ululu ndi kulimbitsa fupa, ngakhale kuti kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2009 anakayikitsa ngati kubaya simenti kumaposadi kubaya kongoyerekeza. Koma chachikulu n'chakuti simenti payokha sichotsa fupa limene lalowa kale m'ngalande, ndipo ngati khoma la kumbuyo ndi losweka, simentiyo ikhoza kudontheramo n'kuwonjezera kupanikiza. Kwa munthu amene miyendo yayamba kale kufa, imagwira ntchito ngati mthandizi wa misomali, osati m'malo mwake.

Akulu anga anachitidwa opaleshoni ya kumbuyo kutali ndi chigawo chathu, titagulitsa ng'ombe ziwiri ndi mbatata yonse ya chaka chimenecho kuti tipeze za ulendo ndi zodyera ife owadikirira. Anakhala m'chipinda cha opaleshoni maola ambiri ndipo anawonjezeredwa magazi. Dokotala sanatinamize: anatiuza kuti pa msinkhu wotere pali chiopsezo cha chibayo, cha magazi kuundana m'miyendo, cha bala kuchita mafinya, cha misomali kukhwepa, ndi cha fupa loyandikana nalo kuphwanyikanso chifukwa tsopano likusenza katundu wa mbali yomangidwayo. Anatinso opaleshoni imapulumutsa mitsempha imene yakomoka, osati imene yafa, ndipo kuti odwala ambiri amene amafika miyendo ikugwedezekabe pang'ono amapezako bwino. Ntchito yotsala inali yathu: kuwatembenuza maola awiri aliwonse usiku wonse kuti asatuluke zilonda za pogonera, kusamala kapaipi ka mkodzo, ndi kuwaimiritsa tsiku lililonse motsatira malangizo a wophunzitsa mafizo ngakhale iwo akulira kuti tiwasiye.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Chigawo cha Tete chili ndi anthu oposa 2.5 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2017, koma akatswiri a opaleshoni ya msana ndi ubongo m'dziko muno ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Ife a ku Ulónguè, Lilongwe ili pafupi nafe kudzera pa Calómuè ndi Dedza kuposa likulu la chigawo chathu chomwe, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri amangowoloka malire mwa okha, popanda kalata kapena chithunzi chimene dokotala wa tsidya linalo angayambirepo. Sindikupempha kuti chipatala chilichonse cha boma laling'ono chizichita opaleshoni ya msana, chifukwa imafuna makina ojambula m'kati mwa opaleshoni, magazi okwanira ndi chipinda cha odwala mwakayakaya. Dziko lathu linaonetsa kale nzeru mu 1984 pamene linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, azaumoyo ochita opaleshoni ngakhale si madokotala, amene apulumutsa amayi osawerengeka pa uchembere m'madera opanda dokotala. Nzeru yomweyo ikufunika pano, koma pa kuzindikira ndi kutumiza msanga. Namwino wa pa posto ndi wazaumoyo wa m'mudzi (APE) aphunzitsidwe kuti wokalamba wodandaula msana afunsidwe mafunso atatu, ngati miyendo ikuchita dzanzi kapena kulemera, ngati akumva bwino pokhalira ndi pakati pa miyendo, ndiponso ngati mkodzo ndi chimbudzi zikuyenda monga kale, ndipo funso lomalizali lifunsidwe pambali, adzukulu ndi apongozi atatuluka. Yankho likakhala lokayikitsa, guia de transferência, kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu, ilembedwe tsiku lomwelo, wodwala anyamulidwe chogona pa chitseko kapena pa machira olimba, osati kumukhazika pa njinga yamoto kapena kumupanikiza mu chapa (minibasi) pa misewu yathu ya mabampu.

Ophunzira za udokotala a ku yunivesite ya UniZambeze mumzinda wa Tete akamapita kukaphunzira ntchito m'maboma, aziuzidwa kuti si msana uliwonse wopindika umene uli TB. A bungwe la asing'anga la AMETRAMO nawonso akhale nawo pa zokambiranazi, chifukwa sing'anga amene wauzidwa kuti mkodzo wopulumuka pamodzi ndi miyendo yadzanzi ndi nkhani ya kuchipatala akhoza kupulumutsa masabata amene ife tinataya. Ndipo wailesi ya Rádio Moçambique ya kuno ku Tete, imene imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ingathe kupatula mphindi zochepa pa 20 Okutobala, tsiku lokumbukira matenda a kufooka kwa mafupa pa dziko lonse, kuti inene zizindikirozi m'chilankhulo chimene agogo amamva.

Opaleshoni imakonza fupa limodzi koma matenda amakhala ali m'mafupa onse, motero wodwala akatuluka amafunikabe mankhwala olimbitsa mafupa. Alipo a alendronate akumwa kamodzi pa sabata, m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi, munthu n'kukhala tsonga kwa theka la ola kuti asapse kummero. Ulipo wa zoledronate wolowetsa m'mitsempha kamodzi pa chaka, umene ungayenere kwambiri anthu a kutali ndi chipatala. Ndipo ulipo wa teriparatide wobaya tsiku ndi tsiku umene umamanga fupa latsopano, koma mtengo wake si wa mlimi wa ku Angónia. Ndikupempha unduna wa zaumoyo kuti uganizire zoika ena mwa mankhwalawa m'mafamasi a zipatala za m'maboma, chifukwa ife timachita kuitanitsa kutali. Za kudya ndiye tili nazo: kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa zodyedwa ndi minga yomwe, mkaka, bonongwe, masamba a cham'mwamba ndi malambe zimapereka kashiamu, ndipo dzuwa lothandiza thupi kupanga vitamini D silisowa ku Tete. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir adziwe kuti mankhwalawa amachepetsako kulimba kwa mafupa mwa ena, koma asayerekeze kuwasiya. Angouza dokotala wawo msana ukayamba kuvuta.

Lero akulu anga amayenda ndi ndodo kuchokera pakhonde kukafika ku khola la mbuzi, ndipo mkodzo unabwerera m'malo mwake patatha miyezi inayi, kupatula usiku wina ndi wina. Phazi lamanzere lija silinabwerere, limakhwekhwerezabe pansi, ndipo dokotala anatiuza mosazungulira kuti mtsempha wake unapanikizika nthawi yaitali. Patapata anasiya kuvala, tinawagulira nsapato zomanga ndi zingwe, ndipo mdzukulu wawo wa sitandade yachitatu ndi amene amawamanga m'mawa uliwonse asanapite kusukulu.

Ndine wanu,

Namwino wopuma pa ntchito,
Ulónguè, Angónia